Probox yathu ikugona ndi moto, kudzuka ilibe

Lolemba, tsiku loyamba

Ndayamba kulemba zimenezi chifukwa zongoganizira zanditopetsa, ndipo zandidyera kale ndalama. Lero ndi kachitatu m'masabata awiri kudzuka 3 koloko m'bandakucha, kulowa m'galimoto, kupotokola kiyi, n'kungomva kuti tche-tche-tche kunsi kwa boneti, timagetsi ta pa dashibodi tikuphethira. Mayi a kunyumba anali atalongedza kale mabeseni oti tikagulire usipa ku Makawa. Amene amachita geni ya nsomba akudziwa kuti ukafika padoko dzuwa litatuluka, umapeza anzako atagawana kale za m'maboti oyamba, iwe n'kumalimbirana zotsala pamtengo wokwera.

Galimoto yake ndi Toyota Probox ya 2008, injini ya 1NZ, ya otomatiki. Otomatikiyo ndiye imatimanga manja, chifukwa sungaitane anyamata kuti aikankhe ilire. Batire likakana, uyende ukabwereke la mnzako.

M'mwezi wa Juni ndinagula batire latsopano, la NS60, lolembedwa 45Ah pambali. Amene anandionera galimoto nthawi imeneyo sanayeze kanthu. Anangoyang'ana batire lakale n'kunena kuti lafa, kutentha kwa kuno sikusunga batire. Mawu amenewa sanali abodza onse, pakuti ku Mangochi kuno madzi a m'batire amauma msanga, ndipo kutentha kumafupikitsadi moyo wake. Ndinakhulupirira. Latsopanolo linagwira bwino nthawi yonse imene galimoto inkayenda tsiku ndi tsiku. Vuto labwerera pamene mafuta ayamba kuvuta, galimoto n'kumakhala pabwalo masiku awiri kapena atatu osalira.

Batire la miyezi inayi lingafe bwanji? Mwina moto sukulowa wokwanira galimoto ikamayenda, apo ayi pali chimene chikuuba usiku. Sindigulanso kanthu kufikira nditaona ndi maso anga. Ndipo pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndinalonjeza kukatenga amayi ku Namwera kuti adzaone zidzukulu kunyanja kuno. Sindikufuna kudzawagoneka pamsewu wa m'mapiri uja.

Alamu anga, amene amaika masola m'nyumba za anthu, andibwereka mita yawo yoyezera moto wamagetsi. Andionetsa poika: pa 20 ya DC, waya wofiira ku pozitivi, wakuda ku negativi. Batire likuwerenga mavoliti 11.7. Manambala amene andiuza ndawalemba pachikuto cha kope lino: 12.6 ndiye lodzaza, 12.4 latsika pang'ono, 12.2 lili theka, 12.0 latsala kota, kutsika pamenepo latheratu. Chandidabwitsa n'chakuti pakati pa batire lodzaza ndi la theka pali kusiyana kosakwana theka la voliti. Ndiye zija timachita zokhudzitsa kawaya kuti tione ngati pathetheke moto sizimatiuza kanthu, chifukwa ngakhale batire lotha limathetheka.

Lachiwiri

Batire ndalikweza pa kabaza kupita nalo kwa alamu. Tisanalilumikize ku tchaja tatsegula zotsekera zonse. M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse chimapereka mavoliti pafupifupi 2.1, ndiye ukaphatikiza ndi 12.6 uja. M'zipinda ziwiri madzi anali atatsika mpaka mapuleti kuonekera nsonga. Tathiramo madzi a batire ogula m'botolo. A pamjigo ayi, a m'nyanja ayi, ngakhale aoneke oyera bwanji, chifukwa mchere umene ulimo umawononga mapuleti. Asidi sitinawonjezere. Chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsalira momwemo.

Talitchaja pang'onopang'ono, ma ampu 4 okha, lili pakhonde kutali ndi mbaula, popeza mpweya umene limatulutsa likamatchajidwa umagwira moto. Masana magetsi anazima, alamu n'kulisamutsira ku sola yawo mpaka dzuwa kupendeka, kenako kubwerera ku tchaja usiku.

Lachitatu

M'mawa titalichotsa pa tchaja tinalisiya lipume maola angapo, chifukwa batire longochoka kumene pa moto limawerenga zonama, zokwera. Masana linali pa 12.6. Alamu ali ndi kachipangizo koyezera asidi, kokhala ngati jakisoni wamkulu wokhala ndi kagalasi koyandama m'kati. Zipinda zonse zinawerenga moyandikana, pakati pa 1.25 ndi 1.26. Chikanakhala kuti chipinda chimodzi chafa, chikanatsalira kutali ndi zinzake, ndipo batire lonse likanamaima cha pa 10.5 ngakhale ulitchaje usiku wonse.

Ndalibwezera m'galimoto. Poliza injini, mwana wanga wamkulu akuyang'ana mita, moto unatsika kufika pa 10.4 sitata ikutembenuza injini, n'kukweranso. Malire ake ndi 9.6. Batire lilibe mlandu.

Kenako alitaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira. Injini ikulira yokha, popanda choyatsa chilichonse, pa batire pakuwerenga 13.6. Nditaponda mafuta kufika pa 2000, 13.9. Ndinatsala pang'ono kutseka boneti kuti zili bwino, popeza alitaneta yabwino imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.4. Koma ine sindiyenda masana opanda magetsi. Ulendo wa kudoko ndi wa mumdima. Ndiye ndayatsa magetsi akutsogolo onse, fani ya m'kati mpaka kumapeto, AC yoziziritsa, mawaipa. Moto unagwa kufika pa 12.7. Kuponda mafuta, 13.0 basi, osapitirira. Apa ndiye kuti ulendo wonse wa usiku, alitaneta ikungodyetsa magetsi ndi injini, batire likulandira nyenyeswa. Nyali yofiira ya batire pa dashibodi siyaka, ndipo ndi imene inkandinamiza miyezi yonseyi.

Ndili pakati poyeza, amalume anatulukira pa njinga yawo. Iwowa ayendetsa malole zaka zambiri, msewu wa Liwonde amaudziwa usanakonzedwe.

"Iwe, manambala akowo ndi achiyani? Liza galimoto, uchotse teminala. Ikazima, alitaneta yafa. Ikapitiriza kulira, ili bwino. Ife tayenda dziko lonseli mita sitinaigwirepo."

"Amalume, ndakumvani. Koma iyi ili ndi kompyuta, ndipo alamu andiletsa."

"Alamu akowo ndi a masola. Za galimoto anaziphunzira kuti?"

Sindinawayankhe, ndinangowapatsa mpando. Koma teminala sindinachotse. Mtima wanga sunakhazikike chifukwa chimene amalume amanenachi ndachichita kale kambirimbiri mwa njira ina. Batire likatha, timabwereka la mnzathu, kuliika m'galimoto, kuliza, kenako injini ili chilirire timachotsa la eniake n'kubwezera lathu lakufalo. Ndinayamba kutero mu Meyi, tsiku lina nditaiwala kuzimitsa magetsi padoko, ndipo tikaganiza bwino mavuto onsewa anayamba pambuyo pa tsiku limenelo.

Lachinayi

Lero zazing'ono, kuti ndisanamizire alitaneta pomwe wolakwa ndi dzimbiri. Mateminala anali ndi ufa wobiriwira uja. Ndasungunula soda wophikira therere m'madzi, kuthira, n'kuchita thovu, kenako kukwecha ndi sandipepa mpaka mtovu kuwala. Lamba ndamukanikiza ndi chala, akulowa pafupifupi sentimita imodzi, alibe ming'alu, salira.

Ndayezanso moto umene ukutayikira m'njira, injini ikulira magetsi ali oyaka. Kuchokera pa bauti yaikulu ya kumbuyo kwa alitaneta kufika pa pozitivi ya batire pakutayika 0.18, zili bwino. Kuchokera pa thupi la alitaneta kufika pa negativi, 0.31, zochulukirapo. Waya wa ethi pamene amamangidwa ku thupi la galimoto panali dzimbiri, madzi a nsomba sasiya chitsulo. Nditapala, zatsika kufika pa 0.09. Moto wofika pa batire wakwera pang'ono, 13.2 ndi katundu yense uja. Wakwera, koma sunafike.

Lachisanu

Lero ndiye tsiku losaka mbala ya usiku. Msika utachepa anthu nthawi ya mapemphero a masana, ndinabwerera kunyumba n'kuimika galimoto pamthunzi wa mtengo wa mango.

Kayezedwe kake n'kosiyana ndi ka mavoliti. Waya wofiira wa mita umamusamutsira pa bowo lolembedwa 10A. Umachotsa teminala ya negativi, n'kuika mita pakati: mbali ina pa mutu wa batire, ina pa waya amene wachotsayo, kuti moto wonse wotuluka m'batire udutse m'mita. Kiyi akhale m'thumba. Usayerekeze kuliza galimoto mita ili pamenepo, sitata imakoka ma ampu opitirira 100 ndipo mita ingapse nthawi yomweyo. Chitseko cha dalaivala ndimafuna chikhale chotsegula kuti ndifikire mafyuzi a pansi pa dashibodi, ndiye kabatani kamene kamayatsa nyali ya m'kati ndakapanikiza ndi kathabwa n'kumanga ndi mphira.

Kenako kudikira. Alamu anati galimoto za makompyuta zimatenga kanthawi kuti zigone, usathamangire nambala yoyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadikira mphindi 20. Nambala siinasunthe: ma ampu 0.84.

Galimoto yogona bwino siyenera kupitirira 0.05, moto wongosunga wotchi ndi zimene kompyuta imakumbukira. Yanga ikudya kuposa pamenepo maulendo 16. Ndawerengera pakope: 0.84 kuchulukitsa ndi maola 24 ikukwana 20Ah patsiku. Masiku awiri, 40Ah. Batire lonse ndi 45Ah, ndiponso silimafika kunyumba lodzaza chifukwa cha alitaneta ija. Masamu akugwirizana ndendende ndi zimene zakhala zikundichitikira: ikagona usiku umodzi imalira monyinyirika, ikagona kawiri siilira.

Ndayamba kuzula mafyuzi limodzilimodzi, mwana akundiwerengera mita, lililonse ndikulibwezera pamalo pake ndisanazule lina. A pansi pa dashibodi onse, palibe chosintha. Mubokosi la ku injini, nditazula lolembedwa DOME, mwana anakuwa kuti, "Ababa, yatsika!" Inachoka pa 0.84 kufika pa 0.53.

Pamenepa ndinalakwitsa chinthu chimene ndikufuna aliyense wowerenga achidziwe. Ndinafuna kuona ngati batire likadali pa 12.6, ndiye ndinatembenuza mita kupita pa mavoliti koma waya wofiira ndinamuiwala pa bowo la 10A. Nditangokhudza mitu iwiri ya batire panathetheka, fyuzi ya m'kati mwa mita n'kupsa. Bowo limenelo ndi njira yongodutsa, ukaliika pakati pa pozitivi ndi negativi wachita shoti. Mwayi wake mita ya alamu ili ndi fyuzi. Zina zotchipa zilibe, zimasungunula mawaya m'manja mwako. Ndinawaimbira kuwapepesa, iwo n'kunena kuti ali nayo ina m'chikwama, ndikatenge mawa.

Loweruka

Usiku wathawu, ndikutseka mawindo a galimoto, ndinaona kanthu kobiriwira kakuwala pansi pa mpando wa kumanzere. Nditawerama, kanali kanyali ka ampulifaya, kakang'ono ngati chiphaniphani. Masana sikaoneka n'komwe. Kiyi anali m'thumba langa.

M'mawa ndasolola wailesi. Galimoto zochokera ku Japan zimabwera ndi wailesi imene FM yake imayambira pa 76 n'kuthera pa 90, ndiye mawailesi athu ambiri sizigwira. N'chifukwa chake pafupifupi tonse timasintha, kapena kuikitsa kachipangizo kowonjezera. Ine ndinaikitsa ina chaka chatha, ya Bluetooth, pamodzi ndi ampulifaya yaing'ono. Kumbuyo kwa wailesi zoterezi kumakhala waya wachikasu wofuna moto wa nthawi zonse, wosungira wotchi ndi masiteshoni, ndi waya wofiira wofuna moto wobwera ukatembenuza kiyi. Wabuluu ndi amene amadzutsa ampulifaya. Amene anandiikira anapota onse atatu pamodzi, kuwalumikiza ku moto wa nthawi zonse, n'kukulunga tepi. Ndikukumbuka kuti ndinakondwera poona wailesi ikulira popanda kiyi, ndimati ndi ubwino wake, makamaka pamzere wa mafuta pomwe umakhala tsiku lonse. Sindinadziwe kuti ampulifaya siigona ngakhale wailesi uizimitse.

Ndawalekanitsa. Wofiira ndamupezera moto wa kiyi pa waya wakale wa wailesi ya ku Japan, amene anangodulidwa n'kusiyidwa. Wabuluu wa ampulifaya wabwerera kwa mnzake wabuluu wa wailesi. Fyuzi ya DOME ili m'malo, mita yokonzedwa ikuwerenga 0.53.

Ndabwerezanso mafyuzi onse, ndi ma relay omwe. Palibe chikusuntha. Theka la ampu likutuluka m'batire ndipo silikudutsa pa fyuzi iliyonse imene ndingazule ndi zala.

Lamulungu ndi Lolemba

Geni siidikira. Usiku ndikumachotsa teminala ya negativi, injini itazima kale, m'mawa n'kuibwezera. Sipanala ya 10 ikukhala m'thumba la chitseko. Tapita ku Makawa kawiri popanda vuto.

Pobwerera Lolemba ndinatchera khutu ku kaphokoso kamene ndakhala ndikukanyalanyaza. M'masipika mumamveka kamluzu kopyapyala, kokwera ukaponda mafuta, kotsika ukasiya. Ndinkati ndi wailesi yotchipa. Mayi a kunyumba akuti kanayamba nyengo ya mwera isanafike, ndipo iwo pa zomva salakwitsa.

Lachiwiri, tsiku lachisanu ndi chinayi

Dzulo usiku teminala ndinaisiya dala. M'bandakucha, kunja kusanatenthe, ndinatsegula boneti n'kuyamba kugwira zinthu ndi dzanja. Injini zii. Sitata zii. Kumbuyo kwa alitaneta kunali kofunda, pang'ono chabe, ngati chikho chimene munali tiyi kalekale. Chitsulo chimene chagona maola asanu ndi atatu sichifunda chokha.

Waya wamkulu wochokera ku alitaneta amapita ku batire kudzera pa fyuzi yaikulu yolembedwa ALT, imene pa Toyota ndi yomanga ndi mabauti kunsi kwa bokosi. Siizuka ndi zala. Ndiye chifukwa chake masiku onsewa ndimaidutsa.

Ndachotsa negativi yonse kaye, chifukwa waya ameneyu amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo sipanala ikakhudza chitsulo pamakhala ngozi. Ndamasula nati ya kumbuyo kwa alitaneta, kuchotsa wayayo, kukulunga nsonga yake ndi tepi, kenako kubwezera mita pakati pa batire ndi negativi. Yawerenga 0.02.

Ndinakhala pansi pa njerwa kanthawi ndikungoyang'ana nambala imeneyo. Chinthu chimene ntchito yake ndi kudzaza batire ndi chomwecho chimene chimalikhuthula usiku.

Nditabwezera zonse ndaliza injini n'kuika mita pa AC, poyezera moto wosawongoka wopita uku ndi uku, pa bauti yomwe ija. Yaonetsa 0.9. Pa alitaneta yabwino sipayenera kufika ngakhale 0.5. Alamu achenjeza kuti mita zina zotchipa zimaonetsa manambala osadziwika bwino, ngati 30, ukaziika pa AC pamalo pamene pali moto wa batire, ndiye muyeso umenewu uziyamba wauyesa pa galimoto ina yabwino. Tayesa pa Sienta ya aneba, yaonetsa pansi pa 0.1.

Lachitatu

Alitaneta ndaimasula ndekha n'kupita nayo kwa bambo wina wa zamagetsi a galimoto amene amagwirira ntchito pakashedi ka malata kufupi ndi msika wa pa boma. Tebulo lawo ndi chitseko chakale, pansi pali mulu wa masitata ndi maalitaneta akufa. Nditawafotokozera manambala anga sanandidule mawu, anangoti, "Achimwene, mwandichepetsera ntchito. Khalani apa muone nokha."

Anachotsa chivindikiro cha kumbuyo, kenako kabokosi ka makaboni, kenako regulator imene imaletsa mavoliti kukwera mopitirira, pomaliza mbale ya madayodi, yokhala ngati chibakuwa cha mwezi, imene mawaya a makoilo amamangidwapo ndi masikuluwu. Mbali imodzi inali itada, ikununkha chopserera.

Anandifotokozera motere. Alitaneta imapanga moto wopita uku ndi uku, m'makoilo atatu, pomwe batire limafuna moto woyenda mbali imodzi. Madayodi ndi amene amauwongola. "Mono mumaudziwa," anatero. "Nsomba imalowa, kutuluka ayi. Dayodi ndi khomo la mono. Likang'ambika, zimene zinalowa masana zimatuluka usiku."

Anaika mita pa chizindikiro cha dayodi n'kuyamba kuyeza imodziimodzi, uku ndi uku. Yabwino imawerenga cha pa 0.5 mbali imodzi, ukatembenuza mawaya siiwerenga kanthu. Zinayi zinatero. Ina ya mbali ya pozitivi inangolira kuti piii mbali zonse ziwiri, yapsa n'kusanduka waya wamba. Ina ya mbali ya negativi imawerenga mbali zonse, ikudontha. Njira ya mbala ndi imeneyo: kuchoka m'batire, kudutsa pa dayodi yopsayo, kulowa m'makoilo, kutulukira pa yodonthayo kupita ku thupi la galimoto. Masananso, madayodi awiri atalephera, alitaneta siingapereke mphamvu zake zonse, ndipo moto wosawongoka uja ndi umene umaimba mluzu m'masipika.

Ndinawafunsa chimene chimapha madayodi. Asanayankhe anandifunsa ngati ndinasinthapo batire injini ikulira. Ndinavomera.

Akuti batire lili ngati thanki imene imameza moto ukasefukira. Ukalichotsa pamene alitaneta ikukankha mwamphamvu, motowo umasowa kolowera, ndipo kwa kamphindi, regulator isanabweze, umalumpha kupitirira kutali 14 uja. Umagunda madayodi, regulator, ngakhale kompyuta ya injini. Chachiwiri, alitaneta siinapangidwe kuti izidzutsa batire lakufa. Ukaipatsa batire la 11.7 imakoka mpaka mapeto a mphamvu zake kwa nthawi yaitali, pansi pa boneti yotentha kale ndi dzuwa la Okutobala, madayodi n'kumapsa pang'onopang'ono. Chachitatu ndi kujampa motembenuza mawaya, koma chimenecho sindinachitepo.

Ndipo muyeso wa amalume uja ukanandinamiza. Alitaneta yangayi, ndi madayodi ake awiri akufa, ikanatha kuisunga injini ili chilirire nditachotsa teminala, ife n'kunena kuti ili bwino. Amalume sindikuwanyoza. Malole a nthawi yawo anali a dizilo opanda kompyuta, ndipo njira yawo inawafikitsa kumene ankapita. Galimoto ndi zimene zinasintha.

Makaboni nawo anali atafupika, osakwana theka la atsopano, ndipo mphete zamkuwa zimene amatsetserekapo zinali zakuda. Mabering'i ali bwino. Pa za mbale ya madayodi anandipatsa njira ziwiri: kuitanitsa yatsopano ku Limbe, imene sangailonjeze kuti ndi yolimba chifukwa zamtunduwu zimabwera zosiyanasiyana, kapena kuchotsa pa alitaneta ina ya Denso ya mumulu uja, imene inafa makoilo koma mbale yake ndi yoyambirira. Ndasankha yachiwiriyi, atayeza dayodi iliyonse ine ndikuona. Makaboni agula atsopano. Zonse pamodzi ndi ntchito yawo sizinafike theka la ndalama imene ndinapereka pa batire mu Juni.

Lachisanu

Batire lagonanso pa tchaja kwa alamu kuti alitaneta yokonzedwayi isayambe ndi katundu wolemera. Ndamanga zonse, lamba ndamukoka bwino.

Injini yozizira, popanda choyatsa: 14.2. Itatentha, magetsi onse, fani, AC ndi mawaipa zikugwira: 13.6 ikulira yokha, 13.9 pa 2000. Pa AC mita ikuonetsa pansi pa 0.1. Kiyi atachoka, patapita mphindi 20: 0.02. Kamluzu ka m'masipika kapita.

Lolemba, tsiku lakhumi ndi chisanu

Ndinaisiya dala masiku atatu osaikhudza, mateminala ali omanga, ngakhale kuti mafuta analimo. Mayi a kunyumba anapita kudoko pa minibasi ndipo sanadandaule. M'mawa uno ndisanalize ndayeza: 12.5. Kupotokola kiyi kamodzi, yalira.

Batire lakale limene ndinachotsa mu Juni lija linali likadali m'khitchini kuseri kwa matumba a makala. Tapita nalo kwa alamu. Likangolumikizidwa ku tchaja mavoliti akukwera msangamsanga, ukalichotsa n'kuyatsira babu imodzi akugwa nthawi yomweyo. Miyezi inayi lili lopanda moto yaumitsa mapuleti. Ndikanalitchaja sabata yomwe ndinalichotsa, bwenzi mwina likuyatsa nyumba magetsi akazima. Zandipweteka. Lipita kwa ogula mabatire akale, lisatayidwe kudzala kumene ana amasewera, chifukwa mtovu ndi asidi ndi poizoni.

Latsopanoli nalo lavulala. Latheratu kasanu kapena kupitirira, ndipo batire la galimoto likamatheratu chotere mphamvu zake sizibwerera zonse. Poliza lero linatsika kufika pa 10.1, pomwe Lachitatu loyamba lija linali pa 10.4. Ndiziliyeza Lamulungu lililonse m'mawa ndi kuona madzi kawiri pamwezi mpaka mvula itagwa.

Titabwerako ku Namwera

Tinanyamuka kukadali mdima, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mapiri magetsi ali oyaka njira yonse. Nditaima pakhomo pa amayi ndinatsegula boneti injini isanazime: 13.9. Anafika kunyanja, anadya chambo ndi zidzukulu zawo, ndipo madzulo ndinawabweza.

Mita ya alamu ndabweza pamodzi ndi fyuzi ziwiri zatsopano, ndawapempha kuti akapita ku Blantyre akandigulire yanga, yokhala ndi fyuzi pa bowo la 10A. Mawaya ojampira ndagula, okhuthala, akukhala pansi pa mpando pamene panali kanyali kobiriwira kaja. Amalume abwera dzulo kudzafunsa ngati mita imeneyo ingayezenso batire la sola la kunyumba kwawo, limene akuti likumatha isanakwane 9 koloko usiku. Tapangana Loweruka.